Magitala Awiri, Bondo Limodzi

Gitala yanga yaikulu inakhala pamwamba pa kabati ya zovala chaka chathunthu ndi miyezi ingapo, ine osazindikira kuti ndasiya kuimba. Palibe tsiku limene ndinanena kuti basi, ndaleka. Ndinkangoti mawa. Madzulo ena ndinkaitsitsa ndithu, kuipukuta fumbi, kuitchuna, koma nyimbo yachiwiri isanathe phewa lakumanja linkayamba kuyaka moto, dzanzi n'kutsika mpaka pachigongono. Ndikaibwezera m'chikwama chake mtima unkapepuka, ndipo kupepuka kumeneko n'kumene kunkandichititsa manyazi, monga umachitira ukaperekeza mlendo amene umamukonda n'kudzipeza ukuimba mluzu pobwerera.

Mawu inali nawo, okwanira tchalitchi chonse cha kwathu popanda chimkuzamawu. Chimene chinandigonjetsa ndi thupi lake. Magitala a mtundu umenewu amawatcha dreadnought, dzina la sitima yankhondo ya Angerezi ya mu 1906, ndipo amene anasankha dzinalo sanalakwitse. M'chiuno mwake ndi masentimita pafupifupi 40, kuzama kwake kupitirira 12. Mnyamata amaikumbatira osamva kanthu. Koma munthu wa msinkhu wanga, kuti mkono uzungulire chimimba chonsecho n'kukafika pa nsambo, phewa liyenera kukwera, kupita kutsogolo, n'kukhala pomwepo mpaka nyimbo ithe.

Kampani ya Martin ya ku Nazareth, m'chigawo cha Pennsylvania ku America, ndiyo inayamba kupanga zimphonazi mu 1916, n'kudzayamba kuzigulitsa m'dzina lake mu 1931. Inali nthawi imene woimba gitala ankalimbana ndi banjo, vayolini ndi mawu a anzake popanda magetsi omuthandiza, motero wofuna kumveka ankafuna bokosi lalikulu. Chondiseketsa n'chakuti magitala amene lero timawati ang'onoang'ono anali akuluakulu pa nthawi yawo. Saizi imene Martin amaitcha 0, ya m'zaka za m'ma 1850, inali yoimbira pamaso pa gulu. Kenako kunabwera 00, ndipo 000 itatuluka mu 1902 inali chimphona cha onse. Magitalawo sanachepe ayi. Dziko ndilo linakuza phokoso.

Ine sindiimbira gulu. Omvera anga ndi mayi akunyumba akamasankha nyemba, mphaka, ndi mvula ikamagwa pamalata. Zaka zonsezi ndinkayendetsa lole pokagula mchere pa okala.

Mwayi unapezeka mu July, nditapita ku Johannesburg kukaona mdzukulu amene anali atangobadwa. Kuzizira kwa kumeneko ndi kouma, kosweka nako milomo. Mwana wanga wamkazi ananditengera ku sitolo ina ya zoimbira, ndipo mnyamata wogulitsa anatilowetsa m'kachipinda ka kumbuyo, kotseka bwino, m'mene kamakina kena kankapuma nthunzi mwakachetechete kuti matabwa asaume. Munali fungo la thabwa latsopano ndi vanishi. Anandipatsa kampando kopanda mikono n'kutuluka, ndipo ndinamuyamikira mumtima, chifukwa palibe chosowetsa mtendere ngati kuyesa gitala wina atakuimirira pamutu. Ndinatsitsa magitala okwana khumi, imodziimodzi. Ambiri ndinawabwezera pakhoma mphindi isanathe. Anatsala awiri.

Yoyamba inali ndi nkhope yoyera, ya thabwa la spruce, mtengo wa m'maiko ozizira wofanana ndi paini, ndipo msana ndi mbali zake zinali za rosewood wakuda wa mizeremizere. Ndinagwira kiyi ya G n'kutsitsa chala chachikulu pa nsambo zonse kamodzi kokha, pang'onopang'ono. Ndiye ndinangokhala. Liwu lililonse linkabwera ndi abale ake, ena aang'ono pamwamba, ena akuya pansi, onse n'kumazungulira m'kachipindamo. Linalinso lochedwa kutsanzika, ngati mlendo amene wafika kale pachipata koma nkhani ikupitirirabe. Ndinkaumva msana wake ukunjenjemera pamimba panga. Pamoyo wanga ndinali ndisanatulutsepo mawu okoma chotero ndi zala zanga.

Koma khosi lake silinali la dzanja langa. Kumbuyo kwake kunali kochindikala, kosongoka pang'ono pakati ngati msana wa chambo, ndipo nsonga imeneyo inkagwera ndendende pa mfundo ya chala chachikulu imene nyamakazi inayamba kale kuicheza. Nditayesa F, ija umagoneka chala cha mkombaphala pa nsambo zonse, nsambo ziwiri zinangoti phwe, osalira. Ndinafinya kwambiri, zinalira, ndipo ululu unathamanga kuchokera pachala kukafika pamkono.

Yachiwiri inali yofiirira thupi lonse, ya mahogany nkhope ndi msana womwe, yosanyezimira, yocheperako m'chiuno. Khosi lake linkalowa m'thupi pa fureti ya 12 osati ya 14, kuwerenga tizitsulo topingasa pakhosi, mmene magitala ankakhalira kale, woimba banjo wina dzina lake Perry Bechtel asanapemphe a Martin mu 1929 kuti amutalikitsire khosi. Chifukwa cha kufupika kumeneko, dzanja lamanzere silinkapita kutali kukafuna makiyi. Chigongono chinkakhala pafupi ndi nthiti, phewa lakumanja lili pansi, pamalo pake. Inakhala pabondo langa ngati mwana wozolowera kunyamulidwa.

Mawu ake ndiwo anandigwetsa ulesi. Pambuyo pa inzake ija, iyi inamveka youma. Inkanena liwu lake n'kukhala chete, ngati mkulu wa pabwalo amene sabwereza mawu. Besi inalipo koma yosagunda pachifuwa, ndipo nsambo zing'onozing'ono zinalibe nthetemya zija. Ndinati ndiibwezere pakhoma, koma ndinayamba ndaliza kanyimbo kena ka kwaya ka masiku a unyamata wanga, kenako kena, kenako kena. Nditadzutsa mutu n'kuyang'ana wotchi, panali patadutsa mphindi 20.

Apa m'pamene nkhani inavuta. Yoyamba ija ndinkailiza kamodzi n'kumamvetsera. Yachiwiriyi ndinaiwala kumvetsera, ndinkangoimba. Ndinadzifunsa kuti pa ziwirizi, chimene ndinakwerera basi masiku awiri n'chiti, ndipo yankho silinabwere.

Zimene zinkasiyanitsa magitalawa m'dzanja n'zazing'ono mochititsa manyazi ukaziyeza. Kutalika kwa nsambo, kuchokera pa kafupa ka kumutu kukafika pa kafupa ka pamimba, kunali mamilimita 645 pa yoyerayo ndi 632 pa yofiirirayo. Kusiyana kwa mamilimita 13 basi. Koma nsambo yaifupi imafika pa liwu lomwelo isanakokedwe kwambiri, motero imakhala yofewerako ndi magawo 4 pa 100 alionse, ndipo mafureti amayandikana pang'ono. Zikumveka ngati si kanthu mpaka utakumbukira kuti nsambo 6 zachitsulo, zija za makulidwe oyambira pa nambala 12 kulekeza pa 53, zimakoka khosi ndi mphamvu yoposa makilogalamu 70, thumba la chimanga ndi theka, usana ndi usiku. Kukula kwa khosi pa kafupa ka kumutu nako, ena ndi mamilimita 43, ena 44.5. Maso saona kusiyanako. Chala cha munthu woliza ndi zala, chofuna kulowa pakati pa nsambo osakhudza yoyandikana nayo, chimakudziwa msanga.

Kuseri kwa sitoloyo kunali mkulu wina wokonza magitala, wa imvi, magalasi ali pamphuno, epuloni yodzaza utuchi. Mnyamata uja ataona kuti ndakhalitsa anakamuitana. Mkuluyo sanafunse zambiri. Anatenga yoyera ija, kuiloza kuwindo ngati mfuti, n'kuyang'ana khosi ndi diso limodzi. Kenako anaimika karula kachitsulo pa fureti ya 12 kuti aone mpata wa pakati pa nsambo yaikulu ndi chitsulo. Unali pafupifupi mamilimita atatu.

"Iyi ikhoza kutsika, bambo," anatero. "Ndikapala milimita imodzi pansi pa kafupa aka, apa patsika theka. Timipata ta kumutuku ndikhozanso kutizamitsa, F yanu ija isamakuvuteni. M'khosimu muli chitsulo, ndikhoza kuchipotoza kuti liwongoke. Nsambo tingaike zopyapyala."

Ndinayamba kumwetulira, koma anali asanamalize.

"Zimene sindingasinthe ndi msana wa khosi, kutalika kwake, ndi kuzama kwa thupi. Zimenezo inabadwa nazo. Komanso mudziwe, chilichonse chimene ndingapeputsire dzanja lanu ndikachitenga ku mawu."

Anafotokoza mmene zimakhalira. Nsambo payokha ilibe mawu, ndi waya chabe. Chimene chimalira ndi nkhope ya gitala, thabwa losakwana mamilimita atatu kuchindikala kwake, lokhala ndi timitanda tomatidwa kunsi kwake mopingasana ngati X. Nsambo imagwedeza kafupa, kafupa kamagwedeza thabwa, thabwa limakankha mpweya. Ukatsitsa kafupa kapena kuika nsambo zopyapyala, thabwalo limalandira mphamvu yochepa, mawu n'kuchepa thupi. Ukatsitsa mopitirira, nsambo zimayamba kukhudza mafureti n'kumalira ngati ntchentche m'botolo. Gitala yofewa kotheratu ndi yonong'ona, ndipo yofuula imafuna dzanja lolimba. Wokonza amangokusankhira malo oima pakati pa ziwirizo.

Kenako anachita chinthu chimene sindinaganizepo zaka zonse zimene ndakhala ndikuimba. Anandiuza kuti ndikaime kukhomo, mapazi asanu kuchokera pomwe anakhala, iye n'kuliza magitala onse awiri, kanyimbo kamodzimodzi. Yoyera ija inakoma kuposa mmene ndinaimvera ili pabondo, inadzaza chipinda mpaka kudenga. Koma yofiirira ndiyo inandidabwitsa. Kuuma kuja kunalibe. Liwu lililonse linkafika lokha, looneka mbali zake zonse, ndipo nyimbo inkamveka bwino pamwamba pa besi popanda kusokonezana.

Ndinaima pakhomopo ndikuganiza kuti woimba gitala ndiye munthu yekhayo m'chipinda amene saimva bwino. Bowo limayang'ana kutsogolo, mawu amapita kwa ena. Iye amakhala kumbuyo ndi pamwamba, amangotola zotsalira, zimene zadutsa m'mbali ndi zimene khoma lamubwezera. Zake zenizeni ndi zina: kulemera kwa pabondo, kufunda kwa khosi m'chikhatho, kunjenjemera kwa pamimba, kuwawa kwa nsonga za zala. Zili ngati mayi wophika ndiwo za alendo, amene gawo lake ndi utsi ndi kulawa mchere. Ndiye pogula gitala, kodi ndikugulira makutu a yani? Mayi akunyumba sanadandaulepo za mawu a gitala ina iliyonse. Chimene anadandaulapo n'chakuti m'nyumba mwazizira chilekere ine kuimba.

Mwana wanga anasuzumira, khanda lili kumsana. "Adadi, nanga si zonse zikungolira chimodzimodzi? Tengani yokongolayo tizipita, mwanayu adzuka posachedwa."

"Ndilole ndikagonere, mwanawe," ndinatero. Anapukusa mutu monga amachitira amayi ake.

Usiku umenewo tulo sitinabwere, ndipo amene anabwera ndi malume. Iwo anali m'gulu la anthu masauzande ambiri a kwathu amene anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ulendo umene boma la Kamuzu Banda linauimitsa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 obwerera kumudzi. Malume anali atabwerako kale ngoziyo isanachitike, ndi sutikesi yachitsulo, bulangete, chipewa ndi gitala. Masiku amenewo magitala otchipa a ku South Africa anali ponseponse. Otchuka anali a Gallotone, ang'onoang'ono thupi, okhala ndi kapepala m'kati kolonjeza kuti sang'aluka, ndipo ngakhale gitala yoyamba ya John Lennon ku Liverpool inali yomweyo. Ya malume kapepala kake kanadyedwa ndi mphemvu ine ndisanadziwe kuwerenga, motero tinkangoiti gitala ya malume.

Pamene ndinkafika msinkhu wololedwa kuikhudza, inali itaona zambiri. Inkagona yotsamira khoma, masana padzuwa la pakhonde, usiku mu utsi, ndipo khosi linali litawerama kotero kuti pakati pake pensulo inkalowa pansi pa nsambo osakhudza. Malume sanaitaye. Anadula kamtengo, kukagoneka pa fureti yachitatu, n'kukamanga ndi mphira wa chubu cha njinga kuti kapanikize nsambo zonse pansi. Nsambo imodzi itaduka sanaibwezere, anatsala ndi zisanu. Ina itadukanso anasomola waya wa buleki ya njinga. Ankaitchuna motsika kuti ifewe. Ankaliza ndi zala ziwiri zokha, chachikulu chikuyenda pa besi, cha mkombaphala chikutola nyimbo, ndipo dzanja lamanzere silinkachoka pa mafureti atatu oyandikana ndi kamtengo kaja, chifukwa kupitirira apo kunalibe njira.

Mawu awo anali oduladula, othamanga, liwu lililonse lalifupi ngati dontho la madzi pa chitini. Ndili mwana ndinkati ndilo luso lawo, ndipo linalidi luso. Koma usiku uja ku Johannesburg, chala changa chikugundabe ndi ululu wa masana, ndinazindikira chinthu china. Malume ankadula mawu chifukwa chala sichikanatha kupanikiza waya woterowo nthawi yaitali. Ankapanikiza n'kusiya, kupanikiza n'kusiya, ndipo m'kusiyako ndimo munabadwa kudumpha kuja kumene kunkadzutsa amayi pamphasa kuti avine. Kulimba kwa gitala kunalowa m'nyimbo. Zimene ndinkaziyesa mbali ziwiri za sikelo, mawu uku dzanja uku, mwa malume zinali chinthu chimodzi.

Ndikamamvera a Daniel ndi a Donald Kachamba a ku Chileka, kapena a Allan Namoko a ku Thyolo amene tinkawamva pa wayilesi ya MBC, ndimamva zofananazo, dzanja ndi chida zitagwirizana pa zimene zingatheke. Anyamata a Madalitso Band azungulira maiko a ku Ulaya ndi gitala ya nsambo 4 ndi babatoni ya nsambo imodzi, ndipo palibe amene anawafunsa kuti nsambo zina zili kuti.

Komabe sindifuna kuyamikira umphawi, chifukwa amene amauyamikira kawirikawiri ndi amene anauthawa. Pali anthu amene amati woimba weniweni amaliza chilichonse, ngakhale chitseko. Mawu amenewo ndi okoma pakamwa pa munthu amene zala zake sizinachitepo matuza. Ana ambiri amene ndinayamba nawo kuphunzira anasiya sabata yachiwiri, osati chifukwa analibe khutu, koma chifukwa magitala amene tinali nawo ankacheka ngati lezala. Malume enieniwo, tsiku limene ndinawapatsa gitala yanga yaikulu ija ili yatsopano, anailiza pang'ono, kuitembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti, "Mphwanga, iyi ndiye ikuchita kukuimbira yokha." Sanaibweze mpaka dzuwa linalowa. Akanakhala nayo ali mnyamata, akanaimba mosiyana, ndipo sindikukhulupirira kuti akanadandaula.

M'mawa mwake ndinabwerera ndekha. Mkulu uja anali akumata gitala ina yong'aluka nkhope kuchokera pa buliji, pomwe pamakhala kafupa ka pamimba, kutsika, ndipo anandionetsa mng'aluwo ndi nsonga ya pensulo. Ntchito ya nyengo youma ya kuno, anatero. Thabwa lenileni, losakhala la mapepala omatikiza, limapuma ndi nyengo. Opanga magitala amafuna chinyezi cha mumpweya chikhale pakati pa 45 ndi 55 peresenti. Kukauma thabwa limafota, nkhope imatsika, nthawi zina n'kung'aluka. Kukanyowa limatupa, nkhope imatukuka, nsambo n'kukwera. Ndipo zimene zimavutika kwambiri ndi zopepuka zija, zopalidwa mopyapyala kuti zilire bwino. Akuluakulu athu anaziona kale pa chikopa, kuti ng'oma yolira sichedwa kung'ambika. Ndinaganiza za kwathu ku Zomba, za kutentha kwa October ndi nkhungu ya January imene imameretsa nguwi pa nsapato, n'kuyang'ananso yoyera ija ndi mantha pang'ono.

Tinachezako za mitengo. Nditamuuza kumene ndimachokera, anati ndiye kuti mahogany ndimawadziwa. Ndinakana, koma atatchula dzina lakuti Khaya ndinaseka, chifukwa ndi mbawa, womwe uja timapangira zitseko ndi mipando. Mahogany akale a magitala ankachokera ku Central ndi South America, koma atayamba kusowa, opanga ambiri anatembenukira ku mitengo ya mu Africa ya mtundu wa mbawa ndi wina wotchedwa sapele. Rosewood nayenso ali ndi m'bale wake kwathu, phingo, wakuda bii uja osema ziboliboli amamukonda, amene ku Ulaya amapangira zitoliro za clarinet ndi oboe. Mitengo ya banja limeneli inadulidwa kwambiri moti rosewood wa ku Brazil analetsedwa pa malonda a pakati pa maiko mu 1992, ndipo mu 2017 pangano la CITES linaika banja lonselo pa ndandanda ya mitengo yoyang'aniridwa. Ndinaigwiranso yofiirira ija mosiyana, ndikuyang'ana timizere take tonyezimira pang'ono ukaipendeketsa, tomwe ndinakula ndikutiona pa tebulo la bambo anga.

Sindinganame kuti ubale wa mtengo ndiwo unagamula mlandu. Khutu silidziwa za ubale. Chimene ndinachita n'kukhala pakampando kaja, kutseka maso, n'kuimba mmene ndimaimbira kunyumba, motsitsa, ndi mnofu wa zala, nyimbo zanga zomwe zija zisanu kapena zisanu ndi imodzi zimene ndakhala nazo zaka 40. Dzulo lake ndinkayesa magitala ambiri ndi zinthu zimene sindiimba konse, makiyi ovuta a kumtunda kwa khosi, pofuna kuti mnyamata wogulitsa asandiyese mlendo. Tsiku limeneli ndinasiya zimenezo.

Yoyera ija inkandikopa kuti ndikhale woimba wina, wodekha, wosiya mipata kuti mawu azizungulira, woyenda khosi lonse. Woimba ameneyo ndimamusirira, ndipo mwina ndikanakhala ndi zaka 30 ndikanamulondola. Koma ndikaika kudumpha kwa malume pa iyo, abale a mawu aja ankapondana, liwu lakale lisanatuluke latsopano lalowa kale. Pa yofiirira, chala chachikulu chikagunda besi n'kusiya, besi inkasiyadi. Kuuma kumene kunandigwetsa ulesi dzulo lake kunali malo opondapo nyimbo zanga. Theka la ola litatha, phewa linali chete.

Ndinalipira. Mkulu uja anapala kafupa pang'ono pokha, n'kundipatsa kena kapadera m'kapepala, kotalikirapo, koti ndidzaike nyengo youma nkhope ikadzatsika. Potuluka ndinabwerera m'kachipinda kaja ngati ndaiwala chipewa. Yoyera inali itabwezedwa pakhoma. Ndinadutsitsa chala pa nsambo zake ili pomwepo, n'kudikira mpaka liwu lomaliza litatha. Linatenga nthawi.

Ulendo wobwerera ndinainyamula pamiyendo. Kondakitala ankafuna ipite kunsi pamodzi ndi mafiriji ndi matumba a zovala, koma ataona kuchepa kwake anangogwedeza dzanja. Tinadutsa Beitbridge usiku, Nyamapanda, kenako Tete, kumene kutentha kwa m'basi kunandichititsa kuifunditsa jekete ngati wodwala. Pa Zobue tikudikira zidindo, mnyamata wina wochokera ku Mangochi anati, "Madala, tatiimbireniko kamodzi, njirayi yatalika." Ndinamuuza kuti sinazolowere dziko. Anthu anaseka, koma ine sindinkaseka kwenikweni. Njira yonse ndinkaganiza za malume, kuti nawonso anatuluka mumzinda womwewo atakumbatira kabokosi ka msinkhu womwewu.

Tsopano yaona nyengo zonse za kwathu. Mu October nsambo yachinayi inayamba kulira ntchentche pa fureti yachiwiri, ndinaika kafupa kapadera kaja, inasiya. Mvula itakhazikika nkhope inatupa, nsambo zinakwera, mawu anagonthako ngati munthu wa chimfine, ndinabwezeretsa kakafupi. Pamwamba pa kabati sinakwerepo. Imakhala pampando wa pakona pabalaza, ndipo ndimaitola ndikudikira madzi a tiyi, kapena magetsi akazima. Nsonga za zala zamanzere zalimbanso, zili ndi timizere tosachoka. Pali kiyi imodzi, D yotsegula ija, imene ndikaigwira usiku khutu limadikirabe kanthu kena pamwamba pake, kunyezimira kumene ndinakumva kamodzi kokha m'kachipinda kaja. Sikubwera. Ndimadikira pang'ono n'kupitiriza.

Yaikulu ija ndinapatsa mnyamata wina wa kwaya ya achinyamata, wamtali, wa mikono ngati mitengo ya bulugamu, ndipo Lamulungu lililonse ndimaimva ili kutsogolo kwa tchalitchi ikugwira ntchito imene inabadwira. Loweruka lina anabwera kunyumba kuti ndimuonetse mmene amasinthira nsambo. Titamaliza ndinatuluka kukatsekera nkhuku, iye n'kutsala pabalaza. Ndili kuseri kwa khola, ndikuwerenga anapiye, ndinamva gitala ikulira chapafupi, mawu ofunda, ozungulira bwino, besi yake yoyenda ngati munthu wosafulumira. Ndinayesa wayilesi ya aneba. Ndinaima ndi chitseko cha khola m'manja kufuna kudziwa kuti akuimbayo ndani, ndipo panapita kanthawi ndisanaone kuti mawuwo akutuluka pawindo langa.

Mayi akunyumba anali pakhonde akupeta mpunga. Ndinawafunsa ngati imamveka choncho masiku onse.

"Nanga imveke bwanji?" anatero, osadzutsa mutu. "Tsekani kholalo, kwada."